Malowolo Ochedwa a Mwanaisha

Madzi a mtsinje wa Lufilya atabwerera m'njira yake chaka chimenecho, anasiya matope ofika m'mawondo m'munda wa Lawi, mpunga wonse utagona chafufumimba. Koma tisanamizire madzi zonse. Madzi amayendera anthu a ku Kaporo pafupifupi chaka chilichonse, ndipo palibe amene amadabwa nawo. Chimene Mwanaisha, mkazi wa Lawi, sankadziwa n'chakuti mwamuna wakeyo anali atadya kale mpungawo usanabereke n'komwe.

Kuno zimayenda chonchi. Mwezi wa Januwale, m'matumba mukauma, mavenda amazungulira m'midzi ndi ndalama m'manja. Amakupatsa lero, iwe udzabweze matumba a mpunga wa kilombero nthawi yokolola. Lawi anatenga kwa Gregory, venda wa njinga yamoto yofiira, kuti agule feteleza, alipire aganyu ookera mpunga, komanso fizi ya mwana wawo Husna ku sekondale. Zifukwa zomveka ndithu, sindikumunyoza. Pamene anaphonya m'pakuti Gregory atafunsa chikole, Lawi, munthu amene chibadwire sanaphunzire kunena kuti ayi, anatembenuka n'kuloza nyumba. Inde, nyumba! Ya njerwa zootcha, ya malata, imene theka lake linatuluka m'manja mwa Mwanaisha, m'mandasi ndi m'zitenje zokaoda ku Kyela, kutsidya kwa malire.

Mwanaisha anazidziwa tsiku lina m'mawa akuyanika timpunga timene anapulumutsa kumtunda kwa munda. Anangoona munthu akuzungulira nyumba, akugogoda khoma ndi kiyi wa njinga, maso ali kudenga.

"Kwanu sanena odi, bambo?" anafunsa Mwanaisha.

"Pepani mayi, ndine Gregory. Ndikungoona. Malatawa ndi a geji yanji?"

"Mukufuna kukagula ofanana nawo?"

Gregory anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wazindikira kuti mnzakeyo sakudziwa kanthu. "Muwafunse bambo akabwera. Muwauzenso kuti Julaye akatha, kudikira kwanga kwatha."

Lawi atabwera masana, sanavute kuulula. Anakhala pakhonde matope ali mbuu m'miyendo, n'kufotokoza zonse akuyang'ana zala zakuphazi.

"Bambo a Husna, mwapereka nyumba ine ndikugona momwemo?"

"Ndimati madzi sabwera chaka chino."

"Munapangana nawo?"

Apo Lawi anati ali ndi maganizo: m'khola munatsala ng'ombe imodzi yaikazi, amupatse Gregory kuti mtima ukhale pansi. Mwanaisha anawerengera mumtima napeza kuti ng'ombeyo sikanakwana ngakhale theka la ngongole. Gregory akanatenga ng'ombe lero, n'kudzabwerera nyumba mawa. Mkwiyo unamuthera pomwepo, m'malo mwake munalowa mantha. Anaganiza za Husna ndi mlongo wake Lughano akutulutsa mabuku awo panja anthu akuonerera.

Ku banki m'khonde anali atamvapo amayi ena akunena kuti masiku ano malo a kumudzi amalembetsedwa ku ofesi, munthu n'kukhala ndi pepala. M'mawa mwake anamanga mpango wake bwinobwino, nakwera galimoto ya ku boma.

Kalaliki amene anamupeza anali mayi wa magalasi, dzina lake Towera, wolankhula Chichewa chokometsera ndi Chitumbuka. Anamvetsera nkhani yonse osamudula.

"Mama, ndiyambe ndi zowawa," anatero Towera. "Pepala ili silifafaniza ngongole. Ndalama za mwini wake mudzabweza basi. Koma malo akalembedwa m'maina a banja lonse, inu, bambo ndi ana, munthu mmodzi sangadzuke n'kuwapereka payekha. Wofuna nyumbayo adzayenera kudutsa pa inu, mwinanso kukhoti, osati kungofika ndi anthu odzasasula denga."

"Ndiye tilembe pompano."

"Osathamanga, mama. Malowo ndi a makolo a amuna anu. Pakufunika wamkulu wa kubanjako asayine apa, kuchitira umboni kuti anthu olembedwawa ndi apakhomopo. Akasayina mubwere nayo fomuyi, mubwere ndi bambo, ndi ziphaso zanu."

Mwanaisha anatuluka mu ofesimo mtima uli m'malo. Wamkulu wa kubanja anali Chakufwa, mkulu wake wa Lawi, mphunzitsi wopuma ntchito amene amavalabe tayi ngakhale popita kudimba. Munthu wofatsa, wokonda nthabwala, amene wadya mandasi a mlamu wake zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osalipira ndi limodzi lomwe. Kusayina kwa munthu wotere kukanavuta pati?

Anamupeza madzulo ake atakhala pansi pa nthochi akumvera wailesi. Chakufwa anaiwerenga fomuyo kawiri, mwauphunzitsi, chala chikutsata mzere uliwonse. Kenako anazimitsa wailesi, navula magalasi, natsokomola chifuwa chimene analibe.

"Alamu, musandione ngati munthu woipa. Apa sindingasayine."

"Chalakwika n'chiyani, alamu?"

"Simunalowoledwe."

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono, kuti mumve pamene mfundo inamangika. Mwanaisha ndi wa ku Mangochi. Anabwera ku Karonga ali mtsikana kudzathandiza m'golosale ya mchimwene wake Abubakar, ndipo Lawi ankabwera kudzagula mchere tsiku ndi tsiku mpaka anthu anayamba kufunsa ngati kwawo amamwa mcherewo. Za chipembedzo anakangana nazo achibale chaka chathunthu mpaka anatopa, n'kungoti aliyense azipemphera kwake. Tsono akwawo kwa Lawi, monga mwa mwambo wa Ankhonde, anatsika ulendo wautali wa ku Mangochi kukanena kuti ng'ombe zisanu zakonzeka. Amalume ake a Mwanaisha atamva anadzuka pampando. Ng'ombe za chiyani? Mwana wathu si mbuzi yapamsika! Kwathu kuno mkazi sagulidwa, mutengeni mukakhale naye bwino, basi. Alendowo anayang'anana, nathokoza mwaulemu, ndipo pobwerera anaseka njira yonse kuti apeza mkazi waulere ng'ombe zili m'khola. A ku Mangochi nawo anatsala akudziguguda pachifuwa kuti awaonetsa anthu akumpoto ulemu wa mwana wamkazi. Mbali zonse ziwiri zinagona tulo tabwino, aliyense akuti wapambana. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti nanga ana akadzabadwa adzakhala a yani.

"Kwathu kuno," anapitiriza Chakufwa mofatsa, "ng'ombe ndi imene imalowetsa mkazi pakhomo, ndiponso ndi imene imabweretsa ana kwa bambo awo. Popanda ng'ombe ana ndi akuchikazi. Kwanu ku Mangochi nakonso amati ana ndi a kwa mayi. Ndiye onani, alamu, miyambo yonse iwiri ikugwirizana. Husna ndi Lughano ndi a ku Mangochi. Ndikasayina kuti ndi eni nthaka ya bambo anga, abale anga adzandifunsa kuti ndinagawira alendo ndi chilolezo cha yani."

"Alendo? Lughano anabadwira m'nyumba imene ija. Mchombo wake munakwirira ndinu."

"Ndikudziwa."

"Zaka zonsezi ndaphika pamaliro anu, ndasenza madzi pamaukwati anu. Simunandiuze bwanji?"

"Panalibe pepala lofuna kusayina," anatero Chakufwa, ndipo manyazi anamugwira zoonekeratu. Kenako anawalitsa nkhope ngati wapeza njira. "Bwanji tilembe dzina langa? Gregory alibe nane ngongole. Nyumba ipulumuka, inu muzikhalamo mmene mukukhaliramu."

Ananena ndi mtima wabwino, ndikhulupirireni. Koma Mwanaisha pobwerera kunyumba anaitembenuza nkhaniyo uku ndi uku. Chakufwa ndi munthu, mawa adzafa, ndipo pepala lidzatsala m'manja mwa ana ake. Lawi nayenso ndi munthu. Tsiku limene Lawi adzatsikire m'manda, iye adzakhala ndani m'nyumba ya dzina la wina? Makoma akanapulumuka, inde, koma akanapulumukira anthu ena. Chinamupweteka kwambiri si kukana kwa Chakufwa ayi. Chinali chakuti zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ankadziyesa mwini khomo, pamene onse omuzungulira ankadziwa mwakachetechete kuti ndi mlendo wokhalitsa.

Atafika anapeza Lawi akuthira mapesi m'khola. Mwanaisha anaima n'kuiyang'ana ng'ombe ija nthawi yaitali. Inali yofiirira, nyanga imodzi yopindikira pansi, nthiti zikuwerengeka chifukwa msipu unali utakwiririka ndi matope.

"Bambo a Husna, ng'ombe imodzi ingalowole munthu?"

Lawi anadabwa. "Malowolo satha tsiku limodzi. Imodzi imatsegula khomo, zinazo zimatsatira ngakhale patapita zaka. Bwanji?"

"Iyi sipita kwa Gregory. Mundilowola nayo."

Lawi anali asanaiwale mmene anawapirikitsira amalume aja. "Alandira ndani? Amalume anu anamwalira."

"Alipo wolandira," anatero Mwanaisha, ngakhale mumtima sankadziwa ngati n'zoona.

Amalume atamwalira, mwini mbumba anali Abubakar. Ndiye kuti mwa mwambo wa kwawo, alongo ake onse ndi ana awo anali m'manja mwake: ndiye woweruza milandu yawo, ndiye wolandira ofunsira ukwati, ndiye wonena kumene maliro awo akagone. Ndipo tsiku lija la ng'ombe zisanu, amene anakuwa kwambiri kuposa amalume anali Abubakar yemweyu.

Anamupeza m'golosale yake ku boma atangobwera kumene kumzikiti ku swala ya masana, akupanga mashuga m'timapepala. Mwanaisha anakhala pa kreti ya zakumwa nafotokoza zonse, kuyambira kiyi wa Gregory mpaka tayi ya Chakufwa. Abubakar anasiya shuga.

"Ndiye wabwera kuti ndikugulitse."

"Ndabwera kuti mulandire ng'ombe, achimwene."

"N'chimodzimodzi! Asa! Anthu akamva kumudzi adzati Abubakar golosale yamukanika, wayamba kugulitsa alongo ake. Tamvera, chemwali. Siya nyumbayo. Tenga ana, bwerera kwanu. Malo a amayi alipo, mango aja akugwa okha osowa wotola. Mwamuna wakoyo akafuna akutsatire, akakhale mkamwini ngati amuna anzake."

"Ndikayambenso kuumba njerwa ndi msana uno? Husna ali folomu 3. Lughano Chiyao amangodziwa moni. Kumene mukuti kwawoko anapitako kawiri, ndipo ulendo wachiwiri analira kuti akufuna kubwerera kunyumba."

Panalowa mayi wina kudzagula sopo wochapira, nayamba kunenerera mtengo. Abubakar, amene amatha kulimbana ndi kasitomala theka la ola pa ndalama yosagula ngakhale machesi, anangomupatsa pa mtengo umene ananenawo kuti achoke. Atatsala awiri analankhula motsitsa mawu.

"Ukudziwa chimene ukupempha? Ndikagwira chingwe cha ng'ombeyo, Husna si mbumba yanganso. Wodzamufunsira sadzabwera kwa ine, adzapita kwa aphunzitsi ako a tayiwo. Munda wa amayi udzapita kwa ana a Asma, mng'ono wako, chifukwa ako adzakhala a eni ake. Ndipo iwe ukadzamwalira, ine ndidzabwera ngati wolira wamba. Sindidzakhala ndi pakamwa ponena kuti mtembo upite kwathu. Adzakuika konkuno."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa, koma ukupemphabe."

"Achimwene, kwathu ndimakufuna. Tsiku lililonse ndimakufuna. Koma ana anga sagona m'mawu akuti kwathu. Amagona m'nyumba ija."

Abubakar anatembenukira ku mashelefu n'kuyamba kusuntha mabotolo a mafuta ophikira amene anali kale pamalo pake. Mwanaisha anaona mapewa ake akugwedezeka, ndipo anayang'ana kumbali kuti asamuchititse manyazi. Abubakar anali munthu amene anamubereka kumsana ali khanda, amene anamulipirira sukulu mpaka pamene inamukanika. Sanali kulira ng'ombe kapena mbiri yake kumudzi. Ankalira ana awiri amene ankawawerenga ngati ake.

"Loweruka," anatero potsiriza, osatembenuka. "Koma amayi uwauze wekha. Ine ayi."

Mwanaisha anawaimbira ali pa siteji podikira galimoto. Amayi ake anamvetsera mpaka kumapeto. "Ndamva," anatero amayiwo. Kenako anafunsa ngati madzi aphwera, ndiponso ngati Lughano chifuwa chija chinasiya. Za ng'ombe sanatchule.

Loweruka m'mawa pakhomo pa Lawi panadzaza anthu, ena achibale, ena ongofuna kuona mkazi wa imvi ziwiri zitatu akulowoledwa mwana wake ali ku sekondale. Chakufwa anavala tayi yatsopano nalankhula Chinkhonde chakuya, mawu onse oyenera kunenedwa, amene anachedwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Abubakar anaima mu mkanjo wake woyera, ndipo atamupatsa chingwe anachigwira ndi nsonga za zala, dzanja atalitambasula kutali. Munthu wa sikelo ndi mashelefu, ng'ombe anaidziwira pa mbale basi. Ng'ombeyo inapukusa mutu kamodzi, iye n'kudumphira m'matope, mkanjo wonse thimbwirimbwi. Amayi a m'mudzimo anaimba nthungululu akuseka mpaka misozi.

"Ndalandira," anatero Abubakar mokweza, kuti asadzanene wina kuti sanamve. "Koma ine khola ndilibe. Ikhale momwemo, alamu azindidyetsera."

Ng'ombe inabwerera m'khola momwe inatuluka, osadziwa kuti yasintha mwini. Ndipo nthungululu zisanathe, njinga yofiira ija inalira kumsewu. Gregory anali atamva kuti ng'ombe ya Lawi ikutuluka, nathamanga kuti isamudutse. Atamuuza kuti ng'ombeyo tsopano ndi ya Abubakar, ndipo nyumba ikukalembedwa m'maina anayi, anavula chipewa n'kuchimenyetsa pa thanki ya njinga.

"Mwandichenjerera! Ndalama zanga ndinatola pansi ine?"

Sanalakwe kufunsa. Ndalamazo zinali zake, nayenso ali ndi ana. Anayankha ndi Mwanaisha, atagwada monga mkazi wapakhomo polankhula pagulu, koma mawu ake sanagwade.

"Palibe akukana ngongole yanu, bambo. Theka la zokolola zathu ndi lanu mpaka ithe, kaya zitenga zaka ziwiri kaya zitatu. Ine ndiziwonjezera za mandasi mwezi ndi mwezi. Mboni ndi anthu onsewa. Mukakana, tikakumane kukhoti, koma kumenekonso mukapeza maina anayi, ndipo atatu mwa iwo sanakulozereni nyumba."

Gregory anayang'ana anthu, nayang'ana denga lija, nawerengera zake mumtima. Venda sakonda khoti, kumadya nthawi ya msika. Anatukwana pang'ono m'Chiswahili, kenako anatulutsa kope lake kuti alembe pangano latsopano, ndipo Chakufwa anamukonzera masipelo awiri asanasayine ngati mboni. Atatero anapempha fomu ija, naisayina ndi siginecha yake yaitali ya ku sukulu. Pobweza anagwira dzanja la Mwanaisha ndi manja awiri. "Ndagha, alamu," anatero, kuthokoza m'chinenero chake. "Mwalowa."

Lolemba anapita ku boma awiri, iye ndi Lawi. Towera anaiona siginecha nagwedeza mutu, n'kuyamba kudzaza mizere yotsala. Analemba za Lawi, analemba za ana. Atafika pa Mwanaisha anafunsa osadzutsa mutu.

"Mudzi wa kwanu, mfumu yaikulu ndi boma?"

Funso limeneli Mwanaisha analiyankha kambirimbiri pamoyo wake, kusikelo ya ana, kuchipatala, kusukulu, ndipo yankho linkatuluka lokha. Lero linachedwa. Anaona mango aja akugwa, anaona amayi ake atagwira foni ali chete.

"Kaporo," anatero. "Karonga."

Lawi anamuyang'ana, maso ake n'kufiira. Koma Towera anali atatenga kale chiphaso cha Mwanaisha n'kuchiyandikiza ku magalasi.

"Apa palembedwa Mangochi, mama."

"Zinasintha. Loweruka lapitali."

"Za Loweruka ine sindikuzidziwa. Ndimalemba zimene zili pachiphaso, zikasiyana fomu ibwerera." Ndipo analemba ndi zilembo zikuluzikulu dzina la mudzi wa amayi ake, mfumu ya kwawo, ndi boma la Mangochi, natembenuza pepalalo. "Sayinani apa."

Mwanaisha anagwira cholembera koma sanasayine msanga. Anali atapereka kwawo ndi manja ake, pamaso pa mudzi wonse, kuti dzina lake lilowe papepala ili. Tsopano m'dziko lonse lapansi, malo okhawo amene ankanenabe kuti iye ndi mwana wa ku Mangochi anali pepala lomweli. Chisoni chinamugwira mwadzidzidzi, chachikulu kuposa cha tsiku la Gregory, ndipo misozi inatsika osaipempha. Anasuntha pepalalo kuti lisanyowe.

"Pali cholakwika, mama?" anafunsa Towera. "Ndalemba molakwitsa?"

"Ayi, mwalemba bwino," anatero Mwanaisha. "Ndiloleni ndiwerengenso kamodzi."

Anawerenga mzere uja pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, kuyambira dzina la mudzi mpaka boma. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, nasayina pansi pa dzina la mwamuna wake.